Mapazi a Apongozi Anga

Zaka zitatu zathunthu ndinakhala pabanja ku Wenya osaidziwa nkhope ya apongozi anga aamuna. Musaseke, ndikunena zoona. Mukanandiimika pamsika wa pa Boma n'kundiuza kuti ndiloze bambo ake a mwamuna wanga, ndikanayamba kuyang'ana pansi ngati munthu wotaya singano, chifukwa chimene ndinkachidziwa pa iwo anali mapazi basi.

Ine ndine Maureen, namwino, kwathu ndi ku Ntcheu. Ananditumiza ku kachipatala kakang'ono ka kumudzi kuno mu 2008, ndipo ndinalira njira yonse pamwamba pa lole. Koma chaka chisanathe ndinali nditakwatiwa ndi Cuthbert, mphunzitsi wa ku pulayimale, mwana wa konkuno. Sabata yoyamba yomwe, amayi ake, a NyaMtambo, anandikhazika pamphasa.

"Mkamwana," anatero, poti mkazi wa mwana wawo amamuitana choncho kuno, "pakhomo pano pali mwambo. Adada anu simuwayang'ana kumaso yayi. Dzina lawo simulitchula. Mukakumana nawo panjira mupatuke, mugwade. Mukafuna kuwauza kanthu, muuze ine."

Ndinati mumtima, abale inu, kwathu amene amathawa apongozi ndi mkamwini, kuno zagwera ine? Mabanja ambiri anali atasiya kale zimenezi, koma banja limene ndinasankha ine linali logwiritsa. Ndinamvera. Lamulungu lililonse tikachoka ku tchalitchi tinkapita kukadya kwawo, ine n'kugwada kumapeto kwa khonde ndi beseni la madzi osamba m'manja, maso pansi. Kutali ndinkawaona ndithu, munthu wamtali wachipewa chaubweya chofika m'makutu, koma akayandikira ndinkatsala ndi mapazi.

Ndiye mapaziwo ndinawaloweza. Chikhadabo cha chala chachikulu chakumanzere chinali chong'ambika pakati, ati inawaponda ng'ombe ali mnyamata. Pakakolo wakumanja panali chipsera cha nkhwangwa. Ankavala nsapato zamalamba zachikopa zimene anagula ku Tunduma, lamba wake womanga pabowo lachitatu nthawi zonse. Akakondwa, zala zinkavina. Akakwiya ndi Cuthbert, chidendene chinkagogoda pansi. Ndinawakonda madala amenewa kudzera m'mapazi, makamaka poona mmene mwana wathu Tionge ankawakwerera pamwamba pa mapaziwo, iwo n'kumayenda naye pabwalo akuimba.

Tiongeyo anabadwa ndi makutu otambasuka ngati zogwirira za poto. Anga ndi aang'ono, a Cuthbert ndi aang'ono. Ndikafunsa kuti kodi mwanayu makutuwa anawatola kuti, Cuthbert ankangoseka mpaka kutsokomola, osandiyankha.

Mu Juni wa 2012, kukuzizira kolowa m'mafupa, ndinagwada ndi beseni langa mwa masiku onse, ndipo ndinaona kuti lamba wachoka pabowo lachitatu, wapita pachinayi. Sindinadandaule. Lamulungu lotsatira anali pachisanu. Patapita masabata awiri panali bowo latsopano loboola ndi msomali, ndipo pamene lamba anadutsa panali ngalande. Chipsera chija chinali chitatambasuka, khungu likunyezimira. Ndinazindikira kuti mapaziwo atupa.

Pakhomo ponse anthu anali pachimwemwe. "Adada anenepa!" ankatero azilamu anga. A NyaMtambo ankayenda monyada, ati ndi kaphikidwe kawo. Ine ndekha ndiye ndinali ngati mfiti pakati pa ukwati.

Tsiku lina tikusenda nyemba kuseri kwa nkhokwe ndinalimba mtima.

"Amama, kodi adada akadzuka m'mawa, kumaso kumakhala bwanji?"

"Ngati awaluma njuchi. Koma dzuwa likakwera kumaphwa. N'tulo tabwino timeneto."

"Nanga akataya madzi, pamakhala thovu?"

Nyemba zinagwa m'manja mwawo. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anandiyang'ana ine ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Mwe! Mkamwana, mukufunsa chiyani?" Koma a NyaMtambo ndi mayi wanzeru. Ananong'ona kuti chitini chimene amataya m'mawa chimachita thovu ngati mwathiridwa sopo, ndipo thovulo silitha msanga. Anandiuzanso kuti madalawo amameza mapiritsi a msana ogula pagolosale, anayi kapena asanu patsiku, chaka chachiwiri tsopano, ndiponso kuti ndiwo iliyonse amaithira mchere asanailawe n'komwe.

Ndinawafotokozera mmene ndimafotokozera amayi apasikelo. Impso zili ngati sefa. Zikakhala bwino zimataya zoipa zokha, chakudya cha thupi chimene timati mapuloteni chimatsala m'magazi. Sefayo ikayamba kubooka, mapuloteni amatayikira mumkodzo, ndiye thovu lija, ndiye kutupa kuja. Choipa chake n'chakuti sizipweteka. Munthu amalima, amaseka, mpaka tsiku limene impso zidzangoima. Koma kuyeza kwake n'kwa mphindi imodzi, kakapepala kakang'ono koviika mumkodzo.

"Ndani ayeze?" anafunsa a NyaMtambo.

Apo ndiye panali nkhani. Dokotala wathu anali atasamutsidwa mu Epulo, wina asanabwere. Pachipatala tinatsala awiri, ine ndi Wilson wa zaumoyo, amene ntchito yake ndi katemera ndi kukweza ana sikelo. Wotha kuwerenga timapepala tija ndinali ine ndekha.

Cuthbert anapita kukayesa kuwanyengerera bambo ake. Anabwerako nkhope itagwa.

"Akuti chiyani?"

"Akuti madzi awo akagwiridwe ndi mkamwana? Bola tiwakumbire manda lero lomwe."

"Nanga ku Boma?"

"Akuti munthu wonenepa akatani ku Boma, ulendo wa tsiku lathunthu, ng'ombe asiyire yani?"

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinamuuza Cuthbert kuti iye ndi mphunzitsi wa ana a eni ake koma bambo ake omwe akumulephera. Ndinatsuka mbale zoyera kale. Ine munthu wopita kusukulu, mankhwala ndili nawo m'kabati, ndizingoonerera agogo ake a Tionge akufa chifukwa cha ulemu?

Nzeru inabwera ndikukonza kabati yomweyo. Tinali ndi katoni ya timapepala toyezera amayi oyembekezera, ndipo zitini ziwiri zinali zoti zitha mphamvu kumapeto kwa Ogasiti. Kuzitaya? Ayi. Ndinamuitana Wilson, tinalemba kalata yopita ku tchalitchi: Loweruka, abambo onse opitirira zaka makumi asanu abwere adzayezetse impso. Namwino adzakhala kuseri kwa nsalu, sadzaona munthu. Mabotolo adzakhala a manambala, mayina adzakhala m'buku la Wilson yekha.

Tsono wowerenga zolengeza ku tchalitchi kwathu anali apongozi anga omwewo. Anaiwerenga kalatayo ndi mawu awo aakulu, n'kuwonjezera zawo, ati mwamuna woopa kabotolo asadzatchedwenso mwamuna. Atangokhala pansi, mnzawo wa paubwana, a Dickson, kamunthu kowonda kokonda nthabwala, anaimirira.

"Ndiye kuti mkulu wa mpingo mudzatitsogolera, eti?"

Tchalitchi chonse chinaseka. Ine ndili kumbali ya amayi ndinasuzumira pansi pa mabenchi. Chidendene chija chinali kugogoda.

Loweruka anabwera abambo makumi atatu ndi mmodzi, ena atavala majekete ngati akupita ku khoti. Tinamanga chingwe pakati pa chipinda n'kupachika zitenje ziwiri, pansi n'kutsala mpata wolowa dzanja. Wilson ankalemba dzina, kupereka kabotolo kolembedwa nambala, munthu n'kupita kuseri kwa chipatala, pobwera n'kukankhira kabotolo kake pansi pa nsalu. Ine ndinkaviika kapepala, kudikira mphindi, n'kufanizira ndi mitundu ya pachitini. Kakakhala kachikasu, zili bwino. Kakayamba kubiriwira, pali nkhani.

Phokoso lake! Madala aja anasanduka ana a sukulu. Wina anati kabotolo kachepa, tim'patse ndowa. Wina anakhala kuseri theka la ola, anzake n'kuyamba kumuimbira nyimbo yomulimbikitsa. Ine kuseri kwa nsalu ndinkaluma mlomo kuti ndisaseke, koma maso anga anali pa mpata uja.

Nambala 9 inabwera ndi timapazi towonda tovala patapata. Chikasu chokhachokha. Teni, leveni, thwelofu, chimodzimodzi. Kenaka pansi pa nsalu panaima nsapato zamalamba, chikhadabo chong'ambika, bowo la msomali. Dzanja linakankha kabotolo mofulumira ngati kakuotcha. Nambala 14.

Ndinaviika kapepala. Sikanadikire n'komwe kuti mphindi ikwane, kanangoti biriwiri ngati tsamba la mpiru. Ndinaviika kena, chimodzimodzi.

Onse atatha, ndinam'patsa Wilson pepala la zotsatira. Atatu anali ndi pang'ono pokha, oti adzabwerenso. Mmodzi yekha ndiye anali woopsa. Wilson anatulutsa anthu panja kuti aziitana mmodzimmodzi, ndipo ndinamumva akutsegula buku lake.

"Nambala 14. A Dickson, lowani."

A Dickson? Ndinaona timapazi ta patapata tikulowa. Wilson anawafotokozera bwinobwino kuti mkodzo wawo waonetsa mapuloteni ambiri, kuti impso zikhoza kukhala pavuto. A Dickson anangoti, "Yewo, ndamva. Mankhwalawo ndipatseni nditenge." Munthu wouzidwa za matenda ake sayankha choncho. Sanafunse ngakhale funso limodzi.

Ndinazindikira zimene zinachitika. Madala awiriwa anasinthana mabotolo kuseri. Apongozi anga anaganiza kuti mwina ndidzasuzumira m'buku la Wilson, ndiye anatenga nambala ya mnzawo kuti ngakhale nditatero ndisadziwe kuti ndagwira zawo. Tsopano a Dickson, mwa chikondi chawo chopusa, ankafuna kulandira matendawo m'dzina lawo, azikapereka mapiritsi kuseri kwa khola. Kopanda kuyeza magazi, kopanda kupita ku Boma, kopanda kanthu.

Ndikanatha kukhala chete. Mkamwana wabwino akanakhala chete. Koma ndinaona Tionge atakwera pa mapazi aja, ndipo mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu.

"Wilson," ndinatero, "a Dickson asatuluke. Itana nambala 9. Uitanenso amama, ali pansi pa mtengo panjapo."

Analowa. Pansi pa nsalu panaima mapazi asanu ndi limodzi: a patapata, a nsapato zamalamba, ndi a NyaMtambo opanda nsapato. Ine ndinatsika pampando, ndinagwada pasimenti, yunifolomu yanga yoyera ili choncho. Kulankhula ndi apongozi sindikanatha. Dzina lawo sindikanatchula. Ndiye ndinalankhula ndi chimene ndinkachidziwa.

"Pepani, ine sindikulankhula ndi munthu aliyense muno. Ndikulankhula ndi mapazi. Mapazi inu a chikhadabo chong'ambika, ndakhala ndikukugwadirani zaka zitatu. Ndinakupezani muli pabowo lachitatu. Lero muli pabowo la msomali. Ndinu amene munabweretsa botolo la nambala 14, ndinakuonani ndi maso angawa. Mwini wanu sananenepe ayi, akudwala impso, ndipo akapanda kupita ku Boma chaka chino, chaka chamawa Tionge adzasowa pokwera. Ine zimenezo sindikuzifuna. Ngati ndalakwa mundibweze kwathu ku Ntcheu, koma mawuwa mukawafikitse kumutu."

A Dickson anakhosomola, kenaka anati chapansipansi, "Ndinakuuza ine kuti tisinthanenso nsapato."

Palibe anaseka. Mapazi aja anakhala phee, zala osavina, chidendene osagogoda. Kenaka anatembenuka n'kutuluka, a NyaMtambo pambuyo.

Madzulo amenewo sindinadye. Ndinamuuza Cuthbert kuti ayambe kufunsa za lole yopita kumwera. Iye anati ndidikire, koma nayenso nsima inamukanika.

M'mawa mwake, ndisanatsegule n'komwe chipatala, ndinapeza a NyaMtambo atakhala pakhonde, atafukata chinthu m'chitenje ngati khanda. Anavundukula. Chigubu cha mafuta ophikira cha malita awiri, chodzaza theka.

"Akuti mapazi afikitsa uthenga," anatero, akulimbana ndi kuseka. "Wilson anati madzi oyamba kutaya m'mawa ndiwo abwino kuyeza. Ndiye akuti mwina dzulo anachepa, lero musadandaule."

Mayo ine! Ndinaseka mpaka misozi, ndinawakumbatira amama chigubu chili pakati pathu. Ndinayeza, kapepala kanabiriwiranso. Masana madalawo anabwera okha, Wilson anawayeza kuthamanga kwa magazi, ine ndikumuuza chochita kuseri kwa nsalu. Kunali kokwera moti Wilson anayeza kawiri, akuganiza kuti makina awonongeka. Ndinalemba kalata, ndipo Lachiwiri Cuthbert anakwera nawo lole ya ku Boma. Ng'ombe anasiyira a Dickson, ati ndicho chilango chawo.

Anabwerako patapita masiku anayi. Ku chipatala chachikulu anawayeza magazi n'kuwauza kuti impso zatopa koma sizinafe, ndipo akanachedwa chaka china nkhani ikanakhala ina. Anawapatsa mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi ena ochotsa madzi m'thupi, anawaletsa mapiritsi a pagolosale aja, n'kuwauza kuti mchere achepetse ndiponso kuti azikaonedwa miyezi itatu iliyonse. Za mcherezo ndiye inali nkhondo. A NyaMtambo anaubisa m'nkhokwe, madala anaupeza. Anaubisa kudenga, anaupeza. Pomaliza anadzausungitsa kwathu, poti kunyumba kwa mkamwana sakanabwera kudzafufuza m'makabati.

Mwezi uliwonse kabotolo kankabwera m'chitenje cha amama, kolembedwa 14, chifukwa nambalayo anakana kuisiya. Kubiriwira kuja kunayamba kuzilala. Sikunatheretu, ndipo ndinawauza amama kuti mwina sikudzatheratu, koma kunachoka pa tsamba la mpiru kufika pa tsamba lofota. Lamulungu lililonse ndinkagwada ndi beseni langa n'kuwerenga mabowo. La msomali linasiyidwa. Lamba anabwerera pabowo lachisanu. Kenaka pachinayi. Chipsera chinabwerera mwakale.

Mu Disembala, mvula itagwa, chimanga chitamera, a NyaMtambo anatuma uthenga kuti Loweruka tipite, ndipo ndivale chitenje chabwino. Tinapeza pabwalo pali anthu: azilamu, atsibweni ake a Cuthbert, a Dickson, ngakhale Wilson atavala tayi. Pamtengo anamangirira mbuzi yathadzi yamawanga. Ndinachita mantha, ndinati kapena mlandu uja wa mu Ogasiti wafika tsopano.

Ndinagwada pamalo panga, kumapeto kwa khonde. Mapazi aja anabwera n'kuima patsogolo panga penipeni, pafupi kuposa kale lonse. Ndipo kwa nthawi yoyamba mawu aja, amene ndinkangowamva akulankhula ndi ena, analankhula ndi ine.

"Mkamwana. Mwambo uwu anausunga adada anga, ine ndinausunga, ndipo sindikuunyoza. Koma mwambo womwewo umati mwini nyumba akafuna, amapereka chiweto, mkamwana n'kukhala mwana. Mbuzi iyo ndi yanu. Ana anga onse asanu amandiyang'ana kumaso tsiku ndi tsiku, ndipo onse anati ndanenepa. Inu nokha woyang'ana pansi ndi amene munandiona. Tawonga chomene. Tsopano kwezani maso."

Khosi linakana, abale. Zaka zitatu ndi theka si masewera. A NyaMtambo anabwera n'kundigwira chibwano, kuchikweza pang'onopang'ono. Ndinaona mawondo, jekete, ndevu zoyera. Ndinaona maso aang'ono oseka, onyowa. Ndiye madalawo, mwa ulemu, anavula chipewa chawo chaubweya chija.

Makutu! Otambasuka ngati zogwirira za poto, awiri onse, ofiirira ndi dzuwa kumbuyo kwake.

"Tionge!" ndinakuwa osadziletsa, n'kugwira pakamwa.

Bwalo lonse linaphulika. Cuthbert anagwa pa mpando. A Dickson ankamenya pansi ndi ndodo, amayi akululutira, ndipo apongozi anga anaseka mpaka makutu omwewo akugwedezeka. Tionge, osadziwa kuti akusekeranji, anathamanga n'kukakwera pa mapazi a agogo ake, nawo anayamba kuyenda naye. Ine ndinalira. Ndinalira ngati tsiku lija la pa lole, koma ulendo uno chifukwa cha chimwemwe.

Atazungulira bwalo anabwereranso pamene ndinagwada. "Nanga mwaiona nkhope, mkamwana. Ili bwanji?"

"Ili bwino, adada," ndinayankha, ndikupukuta misozi. "Koma taimani kaye pomwepo."

Ndinamusuntha Tionge pang'ono n'kuyang'ana pansi. Lamba anali pabowo lachitatu, ndipo zala zinali kuvina.